Mlamu Wanga Ndinamuika Kumchira

Ratzeburg, 19 Sepitembala 1813

Amake Sidsel,

Itanani mudzi wonse wa Skovbølle, abusa ayambe aimitsa ulaliki, belu lilire: nsapato yanga yakumanzere yatula pansi udindo. Yatumikira mfumu mokhulupirika kuyambira padoko paja munandisiya mpaka m'matope akuno, koma dzulo yayasamula kukamwa n'kunena kuti yakwana. Yakumanja idakali pantchito, ngakhale ndikuiona kuti ikumvera uphungu wa inzake.

Kupatula maliro amenewa ndili bwino, kaya inu kumeneko ndi Sidsel, kaya apongozi ndi chifuwa chawo chija. Mlongo wanu Mourits ali bwino kuposa ine, akudya za anthu awiri, ndipo akuti ndikuuzeni kuti jekete yofiira ya mfumu yamukhala. Sinamukhale. Manja ake amathera pachigongono, moti akaimika mfuti amaoneka ngati mwana wovala za chaka chatha.

Mwafunsa m'kalata yanu kuti amatilamula ndani kuno. Mwafunsa munthu woyenera, poti zaka zonse zija ku yunivesite ya ku Copenhagen ndinkaphunzira za Utatu Woyera, ndiye zinthu zosamvetseka sindiziopa. Mourits amamvera sajeni. Sajeni amamvera Kaputeni Tranberg, amene ine ndimawalembera makalata. Kaputeni amamvera akolonelo, akolonelo amamvera ajenerale, ajenerale amamvera kalonga, ndipo kalongayo ndi Mjeremani. Mjeremaniyo amamvera Mfalansa wina amene akukhala ku Hamburg, ndipo Mfalansayo amamvera mfumu yake yaikulu, imene sindikhulupirira kuti inamvapo zoti kunja kuno kuli chilumba chotchedwa Fyn. Mfumu yathuyathu nayo imatumiza malamulo kuchokera ku Copenhagen, koma amafika a ku Hamburg atafika kale, ndipo amanena zosiyana. Tsono timanyamuka Lolemba chifukwa cha Mfalansa, n'kubwerera Lachinayi chifukwa cha mfumu.

Kutsidya kwa nyanja kuli adani athu, amene amatchedwa gulu la Aswidi. Nawonso wowalamula ndi Mfalansa, amene anachita kumubwereka kuti akhale mwana wa mfumu yawo. M'gulu mwakemo muli Ajeremani, muli Arasha okwera timahatchi taubweya, mulinso ena ovala majekete ofiira ngati athu omwewa. Aswidi enieniwo palibe anawaonapo. Akuti mwini wake amawasunga kumbuyo ngati mbale za pa Khrisimasi, kuopa zingasweke. Nditamufotokozera zonsezi Mourits, anakanda m'mutu n'kufunsa kuti nanga Afalansa awiriwo osangokumana kuseri kwa tchalitchi bwanji, athane okha ngati amuna, ife tikakolole.

Amandiseka tsiku lililonse mlamu wangayu. Mukudziwa kuti lamulo la usilikali limagwira ana a alimi okha, ife a mabuku limatilambalala. Ndiye akandiona ndikudumpha matope ndi bokosi la mapepala amati, "Ine anachita kundigwira, alamu, inu munabwera nokha. Wophunzira ndani pamenepa?" Ndimamuyankha kuti malipiro a uphunzitsi asanduka mapepala oyatsira moto, ndipo mlongo wake sadya Chilatini.

Ndatumiza kangachepe kudzera kwa mwini boti uja wa ku Svendborg. Zikafika musazigoneke m'nyumba, ndalama za masiku ano zimafota ngati masamba. Mugule mchere ndi chikopa tsiku lomwelo. Atsekwe musagulitse mpaka Novembala, ngakhale wina akunyengerereni bwanji.

Zimene munandiuza padoko sindinaiwale, zoti ine ndine wodziwa kulankhula ndi akuluakulu, ndimuike mlongo wanu pabwino. Auzeni apongozi kuti ndikuyang'anayang'ana malo.

Mwamuna wanu wa nsapato imodzi,
Ejler


Ratzeburg, 10 Okutobala

Amake Sidsel,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli amphamvu nonse. Ine chimfine chinandigwira koma chandisiya, chaona kuti pa ine palibe chodya. Mourits akupereka moni, ngakhale masiku ano moni wake kwa ine ndi wa m'mphuno. Ndifotokoza.

Sabata yatha tinakumana ndi adani pakamlatho kena. Sinali nkhondo yoti n'kulowa m'mabuku. Koma Jeppe wa kuchigayo uja, amene ankaima pambali pa Mourits pamzere, sadzabweranso. Amayi ake musawauze inu, abusa alandira kalata. Mourits anabwerako ali ndi magazi a mnzake pakolala, ndipo tsiku limenelo sanadye za anthu awiri.

Ndinakhala pansi n'kuganiza monga anandiphunzitsira. Gulu lankhondo ndi njoka. Kumutu kuli okwera pamahatchi ndi makampani otsogola, pamimba pali mizinga ndi akuluakulu, kumchira kuli ngolo za ufa ndi udzu. Wopha njoka amamenya kumutu. Tsono kampani yathu imapezeka kumutu kawirikawiri, chifukwa a Tranberg akulimbirana ukulu ndi kaputeni mnzawo. Mwambo wake ndi woti amene anayamba kulandira udindo ndiye amayenda patsogolo, ndiye awiriwa anaulandira tsiku limodzi. Akhala akukangana chiyambire chilimwe, uyu akuti pepala langa linasainidwa m'mawa, uyo akuti langa linali pamwamba pa mulu. Amuna aakulu andevu kulimbirana kuti ayambe kufa ndani, kapena tinene zoona, kuti ayambe kufa ndi anyamata a ndani.

A Tranberg anandipempha kuti ndiwalembere dandaulo lopita kwa ajenerale. Ndinalemba lokoma, amake Sidsel, m'Chijeremani, n'kuwazamo Chilatini ngati mchere, mpaka ine ndemwe ndinatsala pang'ono kulikhulupirira. Anapambana. Atandifunsa kuti andipatse chiyani, kaya fodya kaya nsapato, ndinati ndipatseni mlamu wanga apite ku ngolo, amadziwa mahatchi. Anaseka n'kunena kuti mtengeni, mlimi savuta kupeza.

Ndiye Mourits ali kumchira. Mfuti anamulanda, anamupatsa chikwapu ndi mahatchi awiri. Yonenepa yosafuna kuyenda waitcha Bishopu, yoonda yokonda kuluma waitcha Mfalansa. Koma wandikwiyira. Akuti anzake akumutcha wonyamula ufa, poti oyendetsa ngolo sawerengedwa ngati asilikali enieni. Anandipeza ndikusongola nthenga yolembera n'kundiuza kuti, "Mukanandifunsa kaye, alamu. Sindine bokosi lanu loti muzingolisuntha." Ndinamuyankha kuti akadzakalamba adzandithokoza. Iye anati akadzakalamba adzakhala ataiwala.

Auzeni apongozi kuti mwana wawo ndamuika pabwino. Chipolopolo kuti chimupeze chiyenera kudutsa kaye gulu lonse la mfumu, ajenerale ndi ophika awo omwe.

Chimene akusowa ndi magolovesi. Wogwira zingwe za mahatchi sangaike manja m'thumba, ndipo m'mawa kwayamba kuzizira. Mumulukire aubweya, okhuthala. Ine musandilukire, manja anga amafunda ndi mabodza amene ndimalemba. Batala kuno wakwera mtengo moti timangomupatsa moni pamsika n'kudutsa.

Ine wanu,
Ejler


Ratzeburg, 21 Novembala

Amake Sidsel,

Phukusi lafika, ndipo tonse awiri tili bwino. Ndakondwa kumva kuti chifuwa cha apongozi chikuchepa. Dzino la Sidsel lagulukalo mulisunge, ndidzaliyendera ngati ajenerale ndikadzafika.

Magolovesi a Mourits ayambitsa mtsutso kumchira konse. Aliyense akufunsa chifukwa chake ali otuwa koma chala chachikulu chakumanzere n'chabuluu. Ine ndikudziwa kuti ubweya unakutherani ndiye munamasula sokosi yakale ya Sidsel, koma Mourits akuwauza kuti ndi chizindikiro cha udindo, kuti kwathu ku Fyn chala chabuluu amavala ndi akuluakulu a ngolo okha. Woyendetsa ngolo mnzake wa ku Holstein, dzina lake Detlef, wakhulupirira ndipo akumamuvulira chipewa. Tagwirizananso ndi mlamu wanga. Wanenepa. Wazindikira kuti kumene kuli ufa munthu safa ndi njala, ndipo dzulo wandibweretsera soseji imene sindinafunse kwawo.

Ndakhala ndikufufuza kuti ngolo zimenezi wozilamula ndani, poti kufunsa ndi matenda anga. Akolonelo athu akuti ngolo ndi za mkulu woona za chakudya. Mkulu woona za chakudya akuti wake ndi katundu yekha, anthu ndi mahatchi ndi a jenerale wolondera kumbuyo. Jenerale wolondera kumbuyo akuti iye anapatsidwa asilikali, osati msika. Pakafunika kunyamula bedi la mkulu wina, onse atatu amatumiza lamulo. Pakafunika udzu wa mahatchi, onse atatu samva Chidanishi. Ndinamuuza Mourits kuti wapeza mwayi umene ngakhale mfumu ilibe, wokhala wopanda mwini. Iye anati nkhuku yopanda mwini ndi imene imadyedwa, ine ndinati asiye miyambi, si abusa.

Zina ndi zoti mfumu yaikulu ya Afalansa ija akuti yamenyedwa koopsa kum'mwera, ku Leipzig. Palibe watiuza, tazimva kwa mayi wogulitsa mazira. Mfalansa wa ku Hamburg wayamba kuitana anthu ake, ngati mayi woitana ana mvula ikamabwera, ndipo ife si ana ake. Nyanja ndi madambo amene amatitchinga kwa adani ayamba kuundana. M'mawa uno ndaona galu akuyenda pamwamba pa madzi ngati Petulo, ndipo ngati galu akutha, hatchi itsatira. Akuluakulu akumakhala pamisonkhano yaitali n'kumatuluka osayang'anana. Koma izi zisakusowetseni tulo.

Atsekwe mwagulitsa bwino, mwandiposa. Nkhumba muphe Khrisimasi isanafike, koma mwendo umodzi muusunge pautsi. Mourits akuti ndi wake, akumaulota.

Ejler


Kiel, 9 Disembala

Amake Sidsel,

Ndili moyo, ndili bwino, mapazi okha. Ndikhulupirira nanunso muli bwino. Ndilemba mwachidule chifukwa wonyamula makalata akunyamuka ndipo inki ikuundana m'botolo.

Tikubwerera. Akuluakulu sakukutcha kuthawa, akuti tikufupikitsa mzere. Mfalansa wadzitsekera mu Hamburg ndi anthu ake, ife watisiyira msewu wa kumpoto ndi madalitso. Tayenda kuchokera ku Lübeck m'matope ndi chipale, ine patsogolo ndi bokosi la a Tranberg, poti malo ndinawapambanira aja sanawasiye. Ngakhale pothawa amafuna kutsogola.

Mbale za pa Khrisimasi zija azitulutsa. Dzana masana, pathengo la ku Bornhöved, Aswidi anatulukira pamahatchi, ambiri. Ine sindinawaone ndi maso, ndinangomva mizinga kumbuyo kwathu, kutali. Kumbuyo, amake Sidsel. Pali kanthu kena ka njoka kamene sindinakaganize bwino.

Ngolo zikulowa mumzinda pang'onopang'ono, zina dzulo, zina lero. Misewu ndi yoipa, ndipo Bishopu sathamanga. Ndikupita kuchipata kukadikira.

Apongozi musawawerengere kalata iyi, mungowauza kuti tayandikira kwathu. Mwezi uno sanatilipire.

Ejler


Rendsburg, 27 Disembala

Amake Sidsel,

Kaya kalatayi ikufikani liti, poti misewu ili m'manja mwa eni ake atsopano. Ndili bwino. Ndikhulupirira Khrisimasi mwadya bwino ndi Sidsel ndi apongozi. Ife tinadya nandolo ndi ulaliki.

Mwina mwamva kuti tapambana nkhondo. N'zoona. Pochoka ku Kiel adani anatitsekera njira pamudzi wa Sehested, ndipo anyamata athu anawaboola n'kudutsa. Mphoto yake ndi yoti tatsekeredwa m'linga lino, ogonjawo ali panja akudya nkhuku za ku Holstein. Panopa nkhondo yayamba yapuma, akuluakulu akulemberana makalata a ulemu. Kampani ya a Tranberg, popeza tsopano ndiyo yaikulu, inapatsidwa ulemu wolondera ngolo ya ajenerale tsiku lonse la nkhondoyo. Yataya chipewa chimodzi ndi ndodo yoimbira ng'oma. A Tranberg akufuna ndiwalembere dandaulo lina, akuti anamanidwa mpata woonetsa chamuna.

Mourits sanafikebe. Ndayenda m'maofesi onse atatu aja, ndipo tsopano sindikuseka monga ndinkasekera. Akolonelo akuti munthuyo anachoka kwa iwo mu Okutobala, pempho lake ndinalemba ndine, ndikudabwa chiyani. Mkulu woona za chakudya anandiwerengera matumba a ufa amene anatayika ku Bornhöved, koma za anthu anati ndikafunse kwa olondera kumbuyo. Kumeneko mlembi mnzanga anandipatsa mpando ndi fodya n'kundiuza kuti ajenerale ake sanalandirepo ngolo, ndiye sangataye chimene sanalandire. Kotero mlongo wanu sanganenedwe kuti wasowa, chifukwa palibe amene ali ndi mphamvu zonenera zimenezo. Ogwidwa alipo ambiri, ndipo akuti Aswidi amadyetsa bwino akaidi. Mourits mukumudziwa, kumene kuli mphika amapezeka.

Bishopu alipo. Anafika atamukwera Detlef uja wa ku Holstein, opanda ngolo, zingwe zodulidwa zikukwekwereka pansi. Detlef wandiuza zina, koma anali atamwa, ndipo Chijeremani cha munthu woledzera sindichikhulupirira. Hatchiyo ndikuigawira buledi wanga. Sikudya bwino, imangotembenukira kumbali kumene inzake inkayenda.

Mwendo wa nkhumba uja musaudule.

Ejler


Rendsburg, 23 Januwale 1814

Amake Sidsel,

Kalata yanu ndalandira, yaifupi ija. Ndili bwino m'thupi. Mwati apongozi ayambanso kutsokomola ndipo akumakhala pazenera loyang'ana kumsewu. Muziwafunditsa, zenera limenelo limalowetsa mphepo.

Mtendere wabwera. Akuluakulu asainirana ku Kiel, dziko lonse la Norway laperekedwa kwa Aswidi ngati mmene munthu amaperekera ng'ombe pamlandu, anthu ake osafunsidwa. Ndipo tamverani izi, inu okonda kufunsa kuti amatilamula ndani. Tsopano tili pansi pa Mfalansa wa Aswidi uja, ndipo tikukamuthandiza kumenya Afalansa amene ankatilamula mwezi watha. Kumutu kwasintha, kumimba kuli omwe aja, jekete ndi yomweyo. Sajeni wathu anafunsa ngati tiziloza mfuti kumene tinkachokera kapena kumene tinkapita, anamuuza kuti adikire lamulo.

Akaidi abwezedwa. Ndinaima pachipata masiku onse amene ankalowa, m'magulumagulu, ena opanda nsapato, ena atakulunga mitu. Ndinaona anthu a ku Fyn angapo. Mmodzi anali wamtali, wa manja aatali otuluka m'jekete, ndipo ndinamuthamangira mpaka kugwa pachipale. Sanali iye, anali wa ku Jylland. Anandidzutsa n'kundifunsa ngati ndili ndi fodya.

Mwandilembera kuti ndisiye nthabwala ndikuuzeni kumene kuli mlongo wanu. Mwanena zoona, ndipo sindikukwiya. Pali zimene ndaona sabata ino, koma si za papepala. A Tranberg alonjeza kundipatsa masiku oti ndifike kwathu gulu lisananyamuke. Ndidzafika, tidzakhala pansi inu ndi ine, kenako tidzalowa limodzi kwa apongozi. Mundidikire pang'ono pokha.

Ndatumiza malipiro a miyezi iwiri. Mugule nkhuni, osaumira.

Ejler


Itzehoe, 9 Febuluwale

Bolette, mkazi wanga,

Ndili bwino, ndipo ndikupemphera kuti nanunso mukhale ndi mphamvu pamene mukuwerenga. Sindibwera. Lamulo lachokera kwa wotilamula watsopano kuti tinyamuke kupita kum'mwera, ndipo tchuthi cha aliyense chafafanizidwa. A Tranberg akuti alibe mphamvu, akolonelo akuti alibe mphamvu. Ndinkafuna kukuuzani ndili pafupi, kuti mukafuna kundimenya mundimenye. Tsono ndilemba. Muyambe mwamutumiza Sidsel kwa anansi.

Sabata ija ndisanakulembereni kalata ya mu Januwale, akuluakulu athu ndi a Aswidi anakumana panyumba ya alendo kunja kwa linga, kukambirana kuti paulendowu atsogola ndani. Ife onyamula mabokosi ndi ogwira mahatchi tinatsala pabwalo, dzuwa lili pamutu koma losafunda. Pafupi nane panali Mswidi wina wachikulire, wa ku Skåne, kumene amalankhula ngati anthu a mudzi woyandikana nafe. Anali wochezeka. Anandiuza kuti kwawo mafamu angapo amasonkherana kusunga msilikali mmodzi, amamupatsa kanyumba, kamunda ndi hatchi, ndipo dzina amamupatsa ndi kaputeni, lalifupi losavuta kufuula. Lake ndi Blixt. Amene analipo iye asanabwere analinso Blixt, ndipo iye akadzafa m'kanyumbamo mudzalowa Blixt wina, mkazi wake n'kutuluka. Tinaseka za akuluakulu athu ngati anthu a mpingo umodzi. Kenako anatambasula dzanja lakumanzere kuti andipatse fodya.

Chala chabuluu, Bolette. Ndi pamene munalumikiza ubweya paja, pokhala ndi kamfundo.

Ndinamufunsa kuti magolovesi okongolawo anawagula kuti. Iye anandifunsa kuti, "Anali ndani wanu?" Ndinati mlamu wanga.

Sanabise. Anati tsiku la ku Bornhöved nawonso panalibe amene anawalamula bwinobwino. Akuluakulu awo anali atatopa kusungidwa kumbuyo, ndiye mmodzi atathamangitsa hatchi, mnzake sanafune kutsalira, onse n'kungokhamukira mumsewu wopapatiza. Mumsewumo anapeza ngolo zitapanikizana, poti panalibe woziuza kuti zipatuke kapena zipitirire. Pambali pa ngolo ina panali munthu wamtali atagwada, wopanda mfuti, akumasula hatchi yoonda imene inagwa. Blixt akuti lupanga lake silinamukhudze, koma sangalumbirire mapazi a hatchi yake, poti anadutsa ambiri. Pobwerera anamupeza atagona pakhosi pa hatchiyo, onse awiri atazizira. Anati, "Zala zanga zinali zitafa, bambo. Magolovesiwa iye sankawafunanso."

Zimene Detlef anandiuza mu Disembala zija ndinazimva bwinobwino, Chijeremani changa chilibe vuto. Mahatchi a Detlef ataphedwa, Mourits anadula zingwe za Bishopu n'kumukwezapo. Detlef anamufuulira kuti akwere onse awiri. Iye anayankha kuti mlimi sasiya hatchi ili m'zingwe, atsogole amupeza. Ndinazisunga mumtima chifukwa Detlef sanamuone atafa, ndipo ine ndinagwira pamenepo ngati munthu wogwira udzu pamtsinje.

Blixt akuti anthu a m'mudzimo anawaika onse m'dzenje limodzi kuseri kwa tchalitchi, athu ndi awo, osafunsa kuti wamkulu ndani. Atamaliza kunena anavula magolovesiwo, ine osamupempha, n'kuwaika pabokosi langa. Manja ake anali ong'aluka ngati khungwa. Ndinafuna kumuda, ndinayesetsa, koma ndinangoona mlimi wina wa jekete yamtundu wina. Magolovesiwo ali m'phukusili. Sindinawachape.

Bishopu amulembera ngolo ina, tikupita naye kum'mwera. Ndinapempha kuti ndimutumize kwa apongozi, anandiuza kuti ndi katundu wa mfumu, ndipo nthawi ino mwini wake anapezeka msanga.

M'mawa uliwonse ndimaima pambali pa sajeni akamaitana mayina a kampani ya a Tranberg. Chichokereni Mourits, onse amayankha. Pamalo pamene iye ankaima pali mnyamata wa ku Assens, wonenepa, amene akudandaula za dzino. Njoka ikatembenuka, mchira ndiwo umayang'ana mwini ndodo. Mlimi aliyense akanandiuza zimenezi, ndipo mmodzi anandiuza kuti ndikanamufunsa kaye.

Apongozi muwauze mmene mungathere, koma musawauze kuti ndi Aswidi okha. Anamva ndi makutu awo mukuwawerengera kalata yanga ya mu Okutobala, ndipo mwati anapempha kuti mubwereze pamene ndinati chipolopolo sichingamupeze. Mwendo wa nkhumba uja mudye, Sidsel akukula.

Munandiuza padoko kuti ndimuike pabwino. Pamene anamupezapo ndinamuika ndine.

Mwamuna wanu,
Ejler